Chipinda cha Dzuwa

Azakhali anabwerera kwawo chifukwa cha dzuwa. Ena amabwerera maliro akawaitana, ena mapepala akawathera, ena akatopa ndi kusekerera anthu amene sakuwafuna. Iwo ayi. Zaka zonse zimene anakhala kudziko lozizira lija, akusambitsa nkhalamba za eni ake m'nyumba yosungiramo okalamba, chimene ankalota sinali nkhope ya munthu, koma kutentha kuja kumene kumakugwira kumbuyo kwa khosi ngati dzanja la mayi wokwiya. Ndiye atatsika ndege, imvi zili mbuu, nafika kunyumba kwa mlongo wawo wamng'ono, anapeza kuti dzuwalo mlongo wawoyo analithamangitsa kalekale.

Mlongoyo anthu ankamutcha Magalasi, poti ntchito yake inali yoika magalasi m'nyumba za anthu. Azakhali anamusiya ali ndi njinga yakapalasa ndi kachodulira magalasi m'thumba la malaya. Anamupeza ali bambo wa chimimba, mashopu, ndi nyumba yosanjikizana imene mawindo ake onse anali akuda bii ngati a galimoto za akuluakulu. Bwalo analifolera ndi malata kuti galimoto zisapse. Mtengo umene unali pakhomo anaudula chifukwa mbalame zinalibe ulemu ndi galimotozo. M'nyumbamo masana ndi madzulo zinkasiyana pa wotchi pokha.

"Mwaona, achemwali?" anatero Magalasi, akuwayendetsa chipinda ndi chipinda. "Zimene munkazitsata kunja zija, ife tinazibweretsa konkuno."

"Ndaona," anatero Azakhali. "Ngakhale mdima womwe."

Mumdima wodulawo munkakhala Chidole, mwana mmodzi yekhayo wa pabanjapo, wobadwa anthu atatopa kale ndi kufunsa. Anali wa zaka zisanu, woyera khungu, masaya ali ngati mabanzi, mikono yopindikapindika ngati ya khanda. Mayi ake ankamudyetsa ngati akubwezera adani onse amene anawaseka pa zaka zakusowa mwana zija: masoseji m'mawa, yogati pokwera galimoto, tchipisi potsika, bisiketi akalira, chokoleti akatonthola. Ankachoka m'nyumba n'kulowa m'galimoto ili m'galaja, n'kukatsikira pakhonde la sukulu imene inkalonjeza makolo kuti ana awo sadzakhudza fumbi. Alendo akabwera ankamutsina tsaya n'kunena kuti, "Koma ndiye mukudya bwino pano!" ndipo mayi ake ankalandira mawuwo ngati satifiketi.

Azakhali, amene maso awo anazolowera kuyang'ana mmene anthu amayendera asanagwe, anaona zina. Mwanayo ankayenda chopendama uku ndi uku ngati bakha. Akadzuka pansi ankayamba wagwira mpando. Pamasitepe ankaima n'kukweza manja kuti amunyamule.

"Alamu," anatero tsiku lina kwa mayi a mwanayo, "miyendo ya mwanayu mwaiona?"

"Yatani?"

"Akaima chilili, pakati pa mawondo akepo mphaka atha kudutsa osawerama."

"Limenelo ndi thupi, alamu. Kwanu kuja ana amadya masamba osaphika, ndiye mwaiwala maonekedwe a mwana wokhuta."

"Kwathu ndi kuno."

"Ee, poti mwakumbukira."

Zikanathera pomwepo, koma Chidole anayamba kukana ngakhale kupita kufiriji yekha, akuti miyendo ikupweteka. Mwana wokana ulendo wa kufiriji ameneyo ndiye anaopsa mayi ake, ndipo onse anayi anakwera galimoto kupita kuchipatala.

Adokotala anali mtsikana wovala nsapato zothamangira, wosadziwa kuti munthu wamashopu amauzidwa zinthu mozungulira. Anamuyeza mwanayo pasikelo, anamutenga magazi, anamujambula mafupa. Atabweranso kudzamva zotsatira, anawakhazika pansi n'kunena mosapsatira kuti vitamini D m'thupi mwa mwanayo inali itachepa kwambiri.

"Vitamini ameneyu khungu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa," anatero. "Akasowa, mkaka wonse mukumupatsawu sufika m'mafupa, mafupa amafewa. Ndiye mwana akanenepa kwambiri chonchi, mafuta am'thupi amamusunga vitamini wochepa yemweyo, osamutulutsa kuti agwire ntchito. Mafupa ofewa, katundu wolemera. N'chifukwa chake miyendo ikupindika. Awa ndi matewe."

"Matewe!" Mayi a Chidole anagwira chikwama chawo pachifuwa ngati wina akufuna kuwalanda. "Adokotala, matewe ndi a ana a anthu osowa. Mwanayu chimene sanadyepo n'chiyani?"

"Dzuwa, mayi."

Anawalembera madontho omwetsa mwanayo tsiku lililonse. Anati azikhala padzuwa la m'mawa mikono ndi miyendo ili pamtunda, azisewera, ndipo zotsekemera zichepe. Anawonjeza kuti pa msinkhu umenewu miyendo imatha kuwongoka yokha, koma ikapitiriza kupindika mapeto ake ndi opaleshoni, kudula fupa n'kulimanga ndi zitsulo.

M'galimoto pobwerera munali ngati bwalo la milandu.

"Mwana wanga ndimuyanike panja ngati zovala?" ankatero mayi ake. "Ade ngati kunsi kwa poto? Mafuta onse ndamupaka aja?"

"Panja pali fumbi, pali njinga zamoto, pali anthu oba ana," anatero Magalasi. "Ine ndinakulira padzuwa, ndikulidziwa. Palibe chimene linandipatsa koma chipwirikiti cha m'mutu."

Chidole, atamva za mpeni, ankalira chamumtima uku akunyambita ayisikilimu amene anamugulira kuti aiwale.

Apa ndi pamene Azakhali anatsegula pakamwa ndi mawu amene banja lonse linkawaopa chibwerereni iwo.

"Kumene ndinali kuja," anayamba.

Mlamu wawo anayang'ana kudenga.

"Kumene ndinali kuja, nyumba iliyonse yolongosoka ili ndi chipinda cha dzuwa. Makoma magalasi, denga galasi. Nkhalamba zathu tinkazikankha pamipando ya matayala m'mawa uliwonse, n'kuzindandalika m'menemo ngati maluwa. Mphepo ayi, fumbi ayi, dzuwa lokhalokha."

Magalasi anaponda buleki pakati pa msewu. Anatembenuka n'kuwayang'ana achemwali ake mmene sanawayang'anepo chibwerereni.

"Denga lomwe?"

"Denga lomwe."

Sabata yomweyo khonde lam'mwamba linagumulidwa. Kunabwera zitsulo, kunabwera amisiri, kunabwera magalasi aatali kuposa munthu, okutidwa m'mabulangete ngati odwala. Magalasi ankayenda ndi tepi m'khosi, pensulo kukhutu, akukalipira aliyense wosiya chala pagalasi. Pa mwana wake sakanaika galasi wamba logulitsa anthu a lendi. Anaitanitsa lokhuthala, la mapepala awiri omatidwa pakati, limene ankangoikira mabanki ndi mahotela.

"Ili, achemwali, ndi galasi lophunzira," anatero akuligogoda ndi chikhadabo. "Limasankha. Kuwala lilowetsa, zoipa za dzuwa lisiya panja. Muike sofa m'menemu, sasuluka mtundu mpaka kalekale. Munthu sada."

"Sada?" anafunsa mayi a Chidole, nkhope ikuwala.

"Ngakhale pang'ono."

Azakhali anali pomwepo. Anamva ndi makutu awo awiri, omwe aja anamvera nawo mabuku onse owerengedwa pawailesi m'nyengo zachisanu kunja kuja. Koma nthawi imeneyo anali otanganidwa kulozera amisiri pamene mpando uyenera kukhala, poti kumene anali kuja unkayang'ana kum'mawa.

Chipindacho chitatha, anthu a mumsewumo anayamba kubwera kudzaona. Magalasi ankawalandira ndi zakumwa ndipo pomaliza ankawapatsa nambala ya kushopu. Azakhali, amene mpaka pamenepo ankangotchedwa mlendo wa kuchipinda chakumapeto, anasanduka katswiri. "Funsani achemwali, ndiwo anaziona ndi maso." Anthu ankawafunsa, iwo ankayankha, ndipo ankamva kukoma kumene munthu amamva akazindikira kuti zaka zake sanangozitaya m'mabeseni a anthu ena.

M'mawa uliwonse Chidole ankanyamulidwa n'kukhazikidwa pasofa watsopano, atavala kadiresi kopanda manja monga ananenera adokotala. M'galasimo munkatentha ngati mu uvuni. Anaikamo fani. Thukuta linkatsikabe, ndiye anaikamo kafiriji kuti juwisi akhale pafupi. Mwana anadandaula kuti akusungulumwa, anaikamo wailesi yakanema. Kusewera kuja kunatsalira zala zokha, pa rimoti.

Madontho aja anamumwetsa masiku oyamba okha. Mwanayo ankawalavula, akuti akununkha, ndipo tsiku lina anadetsa nawo sofa.

"Musiyeni," anatero Magalasi. "Madontho ndi a anthu opanda chipinda. Ife tamubweretsera fakitale yonse, tizivutikanso ndi kabotolo?"

Azakhali anadziwa kuti apa panafunika kulankhula. Koma kutsutsa kukanakhala ngati kukayikira chipinda chawo chomwe. Anangotsegula buku lawo, n'kukhala pambali pa mwanayo, akumva kutentha kumbuyo kwa khosi, n'kumadziuza kuti afika kwawo tsopano.

Patapita miyezi anabwerera kuchipatala ali ndi nkhope za anthu okalandira mphotho. Sikelo ndiyo inayamba kuwanyoza. Kenaka magazi. Kenaka chithunzi cha mafupa, chimene adokotala anachiika pafupi ndi chakale chija. Sipanafunike sukulu kuti munthu aone kuti uta wa miyendoyo wakula.

"Madontho akumwa?"

Magalasi anakhosomola.

"Tinapeza njira yoposa pamenepo, adokotala. Dzuwa akulipeza tsiku lililonse, m'mawa wonse." Anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi: chipinda chili m'mawa, chipinda chili madzulo, chipinda chojambulidwa kuchokera kumsewu, ndi Chidole pakati pake, kapu ya juwisi m'manja.

Adokotala anayang'ana nthawi yaitali.

"Chokongola," anatero. "Chimatseguka pati?"

"Kutseguka? Kuti mulowe fumbi?"

"Bambo, dzuwa la kuseri kwa galasi silipanga vitamini D. Kuwala kumadutsa, kutentha kumadutsa, koma cheza chimene khungu limafuna chimatsakamira pagalasipo. Ngakhale galasi wamba la pawindo limachitchinga."

Magalasi anaseka kuseka kwa munthu amene mwana wamuponda nsapato. "Mwana wanga, iwe unaphunzira za anthu, ine za magalasi. Limeneli si galasi wamba."

"Sofa ali m'menemoyo wasuluka?"

"Ayi!" anayankha monyadira.

"Mwanayu wada?"

"Ngakhale pang'ono," anatero mayi ake, monyadiranso, kenaka anayang'ananso mikono ya mwanayo.

"Ndiye galasi lanu likugwiradi ntchito," anatero adokotala. Anabweza foni. "Miyezi yapitayi ndiyo inali yabwino kuwongolera miyendo imeneyi. Yatsala, koma si yambiri. Mukabweranso zili chonchi, ndikutumizani kwa dokotala wa mafupa, ndipo iye sakambirana za dzuwa."

Azakhali sanamve zotsalazo. Anali atabwerera kudziko lozizira lija, akukankha mipando ya matayala kulowa m'chipinda cha magalasi. Anaona nkhalamba zija zili ndandanda, maso ali tseke, zikuothera. Ndipo anaona dzanja lawo lomwe, m'mawa uliwonse asanazikankhe, likugawa timapiritsi m'tikapu tapulasitiki, timapiritsi timene sanavutikepo kuwerenga kuti n'tachiyani, poti ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti tamezedwa. Chipinda chija chinali choti nkhalamba zione mitengo ndi kuti achibale akabwera Lamlungu aone kuti ndalama zawo zikupita pabwino. Zaka zonsezo, ndipo chimene anabweretsa kwawo chinali chikuto, buku analisiya komweko.

Pobwerera, mlandu unapeza mwini wake galimoto isanatuluke pageti la chipatala.

"Kumene ndinali kuja," anatero mayi a Chidole, akuyang'ana kutsogolo. "Kumene ndinali kuja."

"Si inu munati denga lomwe, achemwali?" anatero Magalasi.

"Ndinatero."

Awiriwo anadikira kuti Azakhali adzitchinjirize kuti mkangano ukome, koma iwo sanawonjezere kanthu. Magalasi anayamba kuyankhula yekha za galasi lina limene anamva kuti lilipo kunja, lolowetsa chezacho, loti atha kuliitanitsa pa sitima. Likanafika liti, sankadziwa.

M'mawa mwake, iye atapita kushopu, mkazi wake ali m'bafa, Azakhali anakatenga kabotolo kaja m'kabati. Anamutsina mphuno Chidole monga ankachitira ndi nkhalamba zamakani, madontho n'kutsika asanaganize zolavula. Kenaka anamugwira dzanja, natsika naye masitepe imodziimodzi osamunyamula, natsegula kageti kakang'ono.

Mumtima mwawo ankayembekeza msewu umene anausiya: ana ali piringupiringu, mpira wa mapepala, chingwe chikuzungulira, mawondo otuwa, wina akulira wina akuseka. Anapeza mipanda. Mbali zonse ziwiri mipanda yaitali, pamwamba pake zidutswa za magalasi zosongoka, zotsala za kushopu kwa mlongo wawo, amene sankataya kanthu. Mwana ngakhale mmodzi. Ankangomveka mawu a makatuni kuchokera kuseri kwa mawindo akuda.

Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande. Chidole anatsinzina, dzuwa likumulasa m'maso.

"Azakhali, tikudikira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye tikutani?"

"Tikuothera dzuwa."

"Kuno kukununkha. Rimoti ili kuti?"

"Tambasula miyendo, mayi. Taona nyerere izo zasenza chiyani."

Mwanayo anawerama monyinyirika. Anali asanaonepo nyerere zosathiridwa mankhwala.

Galimoto ina yakuda inatuluka pageti loyandikana, inafika pamene anakhala, n'kuima. Galasi linatsika pang'ono, mpata wa zala ziwiri, ndipo mawu a mayi wina anatuluka pamenepo.

"Pepani, amayi. Kwagwa zovuta kwa a Magalasi?"

"Ayi."

"Oo. Ndimayesa mwina a banki abwera. Poti mwanayo ali panja."

Galasi linakwera, galimoto inapita. Tiyi wa kushopu asanazizire, nkhani inali itafika kwa Magalasi kudzera m'mafoni atatu: mmodzi anamva kuti nyumba yalandidwa, wina kuti mkazi wathamangitsidwa, wina anangofunsa ngati chipinda chija chikugulitsidwa motchipa. Magalasi anafika galimoto ikufuka, nawapeza ali pomwepo, mwana wake ali ndi kamtengo m'manja, diresi lili fumbi lokhalokha.

"Achemwali, mukufuna kundivula pamaso pa anthu?"

"Ndikufuna mwanayu asakadulidwe miyendo. Mawa tidzakhalanso pompano. Mkuja ndibweretsa ndi mkeka."

"Pamsewu?"

"Ndipatse malo ena pamene pali dzuwa pakhomo pakopa, iwe. Bwalo unafolera. Mtengo unadula. Ndionetse."

Magalasi anayang'ana nyumba yake, kuyambira pageti mpaka kudenga, ngati munthu wofunafuna makiyi m'matumba. Kenaka maso ake anaima pa chipinda chija, chikunyezimira pamwamba ngati korona. Anayang'ana mawindo a aneba, kumene makatani ankagwedezeka popanda mphepo. Anayang'ananso mawondo a mwana wake.

Amisiri sanawaitane. Ntchito imeneyo sinali yoti antchito aione. Anavula jekete, natenga mpeni wodulira silikoni womatira magalasi ndi zogwirira zamphira, nakwera. Azakhali anagwira mbali inayo ya galasi loyamba, ndipo anatsika nalo pang'onopang'ono, mphuno zawo zitayang'anizana, galasi lili pakati.

"Musalipendeketse, achemwali! Mukudziwa mtengo wake?"

"Gwira bwino kwakoko, mimbayo ikukutsogolera."

"Anthu akafunsa, tikusintha fasho. Mwamva? Kunja zipinda za masiku ano zilibe magalasi."

"Ndiwauza kuti ndinaziona ndi maso."

Pofika madzulo pakhondepo panatsala zitsulo zokhazokha. Kafiriji anakatsitsa, wailesi yakanema anaichotsa poopa mvula, sofa anamukokera m'kati kuti asasuluke.

Mayi a Chidole anadzitsekera kuchipinda tsiku lonselo. Koma m'mawa mwake, Azakhali atamukhazika mwanayo pamphasa pakati pa zitsulozo, mayiwo anatulukira atanyamula ambulera yaikulu ya mizeremizere, naima kumutu kwa mwana wawo ngati msilikali.

"Adokotala anati mikono ndi miyendo," anatero. "Za nkhope sananene. Miyendoyo ipse, poti ndiyo yalakwa. Nkhope ndi yanga."

Azakhali anangowasiya. Nkhope inali yaing'ono, miyendo inali padzuwa, ndipo iwo anali ataphunzira kumene mtengo wa kupambana mkangano.

Amene sanafunsidwe maganizo anali Chidole. Kwa kanthawi anakhala phee mumthunzi wa mayi ake, akutopa. Kenaka buluzi anatulukira pachitsulo, nagwedeza mutu ngati akumupatsa moni. Mwanayo anagwira chitsulo, nadzikoka, naima, nayamba kumutsatira chopendamapendama kupita kumapeto kwa khonde. Ambulera inamutsatira. Buluzi anabwerera, mwana anabwerera, ambulera inakhota mochedwa.

"Chidole, khala pansi! Nkhope, iwe, nkhope!"

Mwanayo anazindikira msanga kuti buluzi n'ngwachabe, masewera enieni ndi kuthawa mthunzi. Anaseka kuseka kumene m'nyumbamo munali musanamvekepo, nakhotera uku, nakhotera uko, miyendo yake ya uta ikugunda simenti, akupuma n'kuyambiranso. Mayi ake ankathamanga pambuyo, silipasi imodzi itavuka, ambulera ili m'mwamba, thukuta likuchotsa mafuta onse a kumaso.

"Alamu, mugwireni mwanayo! Mwangokhala bwanji?"

"Ndakalamba, alamu," anatero Azakhali, akusendera pamene panalibe mthunzi. "Thamangani, mwatsala pang'ono kumupeza."